Achemwali, vuto silinali moni wanu

Imelo yanu ndinaiwerenga Lachiwiri usiku, ndipo m'mawa mwake ndinaiwerenganso ndisanamwe n'komwe tiyi. Mwati muli chaka chachiwiri, mukuphunzira Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta, ndipo pulogalamu yanu yowerengetsa malikisi a ana asukulu imafa mukangolowetsa malikisi a mwana woyamba. Munajambula sikirini ya laputopu ndi foni, n'kutumiza chithunzicho kwa mkulu wina amene analonjeza kuti azikuthandizani. Munayamba ndi moni wabwino, munapepesanso kuti mukuwasokoneza. Iwo anangoyankha kuti, "Izi sindiwerenga," basi. Ndiye mukufunsa kuti munalakwa pati, komanso ngati si bwino kungosiya kufunsa anthu.

Musasiye. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa mbali yomalizayo ya funso lanu ndi imene yandigwira mtima. Ndikudziwa anthu angapo amene anali ndi mutu wabwino pa zamakompyuta koma anasiyira panjira chifukwa cha yankho limodzi ngati limeneli. Inenso ndinangotsala pang'ono. Ndiloleni ndikuuzeni kaye zanga, chifukwa zimene ndinachita ine zinali zoipa kuposa chithunzi chanucho.

Munali mu 2016. Ndinkagwira ntchito ku kabungwe kena kakang'ono ku Lilongwe kamene kankathandiza magulu a alimi a mtedza ndi soya. Ntchito yanga inali yosamalira sisitimu imene tinkalembamo mayina a alimi, manambala awo a foni, mbewu imene atenga pangongole ndi ndalama zimene abweza. Ndinailemba ndekha m'chilankhulo cha PHP, ndi MySQL yosungira zolembedwazo, pa laputopu yanga yakale imene inali ndi XAMPP yoyendetsera zonsezi, ndipo ndinkainyadira kwambiri. Tsiku lina abwana anaganiza zoti tisamukire ku server yatsopano, kompyuta imene imasunga sisitimu kuti anthu aziipeza pa intaneti. Ndinasamutsa mafayilo onse Lachisanu madzulo, n'kutsegula kuti ndione. Tsamba loyera mbee, lopanda ngakhale chilembo chimodzi. Lolemba lake anzathu ogwira ntchito kumidzi ankayenera kuyamba kulemba zobweza za ngongole, ndiye mutha kuona mmene mtima unkagundira.

Panali bambo wina amene anandiphunzitsa zambiri ndili pasukulu, munthu wofatsa, amene panthawiyo ankagwira ntchito ku Blantyre. Ndinatenga foda yonse ya sisitimu, ndi database yomwe, mmene munali zonse za alimi, n'kuzipanikiza mu fayilo imodzi ya zip, n'kuwatumizira. Uthenga wanga ndimaukumbukirabe. Moni wautali, kufunsa za amayi ndi ana kunyumba, kenako mawu awiri okha okhudza vutolo: "Sizikugwira, bambo." Mumtima ndinkati ndachita bwino. Ndawapatsa zonse, palibe chimene angasowe.

Loweruka lonse kunali zii. Lamlungu masana, anthu atatuluka kutchalitchi, foni inalira. Sanayambe ndi vuto langa. Anandifunsa kuti, "Mwana wanga, ukudziwa chimene wanditumizira?" Ndinati eya, sisitimu ija. Iwo anati ayi. "Wanditumizira mayina a alimi, midzi yawo, manambala awo a foni ndi ngongole zawo. Wanditumiziranso pasiwedi ya database ndi pasiwedi ya imelo ya ofesi yanu, zonse zili m'fayilo ya config. Anthu amenewa anapereka zinthu zawo kwa iweyo. Ine sanandipatse." Ndinangoti kakasi. Sanakweze mawu ngakhale pang'ono. Anandiuza kuti ndidule foni, ndikasinthe mapasiwedi onse, ndikawauze abwana anga zimene ndachita, kenako ndiwaimbirenso. Kuwauza abwana kunali kolemera kuposa zonse, koma ndinawauza tsiku lomwelo.

Nditawaimbiranso anandifunsa mafunso atatu. Umayembekezera kuona chiyani? Ukuona chiyani? Pa laputopu yako pali PHP yanji, nanga pa server pali yanji? Lachitatuli sindinkalidziwa yankho lake. Nditayang'ana ndinapeza kuti pa laputopu panali PHP 5, pa server panali PHP 7. Anandiuza kuti nditsegule error log, fayilo imene server imalembamo zolakwika, ndiwawerengere mzere womaliza. Mzerewo unkanena kuti mysql_connect kulibe. PHP 7 inatuluka mu Disembala 2015, ndipo inachotseratu malamulo akale oyamba ndi mysql_, amene ine ndinamangirapo sisitimu yonse. Kuchokera pamene ndinatsegula log mpaka pamene tinadziwa vuto sipanadutse mphindi zisanu. Kukonza kunanditengera usiku wonse, ndikusinthira chilichonse ku mysqli, malamulo ogwira m'malo mwa akale aja, koma kulipeza vutolo kunali kwa mphindi zisanu. Chikhalirecho iwo anali atawononga bandulo yawo kutsitsa zip yanga, anali atataya Loweruka lawo lonse akutsegula mafayilo mmodzimmodzi osadziwa kuti ayang'ane pati. Ndipo pa kompyuta yawo sisitimu inkayenda bwinobwino, chifukwa nawonso anali ndi PHP 5. Ankafunafuna matenda mwa munthu amene kwa iwo ankaoneka wathanzi.

Usiku umenewo, ndikusintha mizere ija, chimene chinkandiwawa sichinali manyazi a pamaso pa abwana. Ndinazindikira kuti ine amene ndinkadziona ngati mwana waulemu ndinali nditasenzetsa munthu wamkulu mtolo wanga wonse, ine n'kumayenda pambuyo pake chimanjamanja. Kumudzi sindikanachita zimenezo. Ndipo kuchipatala sitichita zimenezo. Sungolowa m'chipinda cha dokotala n'kunena kuti "ndikudwala," n'kukhala chete. Umaloza pamene pakupweteka, umanena tsiku limene unayamba kumva, umatchula mankhwala amene wamwa kale. Nanga bwanji pa code, mizere imene timalemba popanga pulogalamu, timangoti "sizikugwira"?

Ife tinaleredwa kuti ulemu uli pa moni, pa kunjuta, pa kulandira chinthu ndi manja awiri. Zimenezi n'zabwino ndipo ine sindidzazisiya. Moni wanu unalibe cholakwika chilichonse, achemwali. Koma pa ntchito yathuyi palinso ulemu wina umene sitinaphunzitsidwe kunyumba, ngakhale kusukulu sautchula kawirikawiri. Ndiwo kuchepetsa ntchito ya munthu amene ukumupempha thandizo. Munthuyo akukupatsa nthawi yake kwaulere, mwina pa nthawi ya nkhomaliro, mwina usiku ana atagona. Chilichonse chimene ukanatha kuchita wekha koma wamusiyira iyeyo, wamuchotsera pa nthawi imeneyo. Ndipo pano ndinenepo za khalidwe lina limene ndimaliona tsiku ndi tsiku pa foni yanga. Munthu amalemba kuti "Mwadzuka bwanji achimwene," n'kudikira. Ndikayankha masana amalemba kuti "Ndili ndi kavuto," n'kudikiranso. Ndikafunsa kuti vuto lanji, kwada kale, magetsi athima, foni yazima. Tsiku lonse lapita, vuto silinatchulidwe. Perekani moni, inde, koma moniyo ndi funso lonse zibwere mu uthenga umodzi, kuti munthu akapeza mpata wa mphindi khumi apeze chilichonse chili pamaso pake.

Tsopano za chithunzi. Anthu ambiri amaganiza kuti amene amakana zithunzi ndi matama chabe. Si matama. Munthu wodziwa code akafuna kukuthandiza, chinthu choyamba chimene amachita ndi kuikopera, kuiika pa kompyuta yake ndi kuiyendetsa kuti aone yekha pamene ikufera. Chithunzi sichikoperedwa. Ndiye kuti ayambe kutaipanso mizere yanu yonse ndi manja, akuyang'ana pa kachithunzi kopendekeka, kowala mbali imodzi chifukwa cha dzuwa la pawindo. Potaipapo akhoza kukonza cholakwika chanu osadziwa, kapena kuikamo chake chatsopano. Pa chithunzi, l wamng'ono, I wamkulu ndi nambala 1 zimaoneka ngati chinthu chimodzi. O ndi 0 chimodzimodzi. Kadontho (.) ndi comma (,) nthawi zina sizisiyanitsika.

Kwa inu a Python nkhani ndi yaikulu kuposa pamenepo. Chiyambireni pamene Guido van Rossum anaitulutsa mu 1991, Python imagwiritsa ntchito mipata ya kumayambiriro kwa mzere podziwa kuti mzerewu uli mkati mwa chiyani. M'zilankhulo zina mipatayo ndi yongokongoletsa, koma mu Python ndi gawo la tanthauzo. Malangizo a kalembedwe ka Python otchedwa PEP 8 amati tiziika mipata 4 pa mlingo uliwonse. Mukasakaniza batani la Tab ndi la Space, Python 3 ikhoza kukana ndi TabError, chonsecho pa sikirini mizere ikuoneka yofanana ndendende. Palibe diso la munthu limene lingaone kusiyana kumeneko pa chithunzi. Kachiwirinso, Python ikafa imalemba mizere yambiri yofotokoza njira imene inadutsa, ndipo mzere wofunika kwambiri umakhala womalizira pansi, umene umatchula dzina la error ndi chifukwa chake. Ojambula ndi foni nthawi zambiri amajambula pamwamba pamene pali code, mzere wapansiwo n'kuudula. Ndalandirapo zithunzi zambiri zotere. Zimakhala ngati munthu wakutumizira kalata atang'amba tsamba lomaliza.

Ndikudziwa chifukwa chake timajambula, ndipo sindikufuna kulankhula ngati ndimakhala kudziko lina. Laputopu ilibe intaneti. Foni ndi imene ili ndi kabandulo ka WhatsApp, kotsika mtengo, kamene sikatsegula china chilichonse. Kuyatsa hotspot ndiye kuti Windows iyamba kutsitsa zake, mayunitsi n'kutha musanatumize kanthu. Ndiye munthu amangonyamula foni n'kujambula. Ndazichitapo. Koma taganizani izi. Fayilo yanu ya .py, mmene muli code ya Python, ndi zilembo zokhazokha, mwina makilobayiti awiri kapena atatu, yopepuka kutalitali kuposa chithunzi. Mutha kuisamutsira ku foni ndi chingwe chotchajira chomwecho kapena ndi Bluetooth, n'kuitumiza pa WhatsApp ngati document. Bandulo yomweyo ikwanira, ndipo itsalako.

Chenjerani ndi msampha wina pamenepa. Mukangomata code mu uthenga wa WhatsApp ngati mawu wamba, WhatsApp imaikonza mwa nzeru zake. Mawu okhala pakati pa nyenyezi ziwiri imawasandutsa akuda kwambiri n'kubisa nyenyezizo, mawu okhala pakati pa timizere tapansi imawapendeketsa n'kubisa timizereto. Mu code nyenyezi ndi chizindikiro chochulukitsa, ndipo timizere tapansi tili m'mayina ambirimbiri. Code imafika kwa mnzanu itasintha kale. Njira yake ndi kuika tizizindikiro titatu ta backtick, kaja kokhala pansi pa batani la Esc, kumayambiriro ndi kumapeto kwa code. Ndipo chonde, musaike code mu Microsoft Word. Word imasintha zizindikiro zowongoka zogwirira mawu kukhala zopindika zokongola, ndipo Python sizidziwa zimenezo. Mnyamata wina anavutika masiku awiri ndi code imene anakopera m'manotsi a Word a mphunzitsi wake. Code inali yolondola, zizindikiro zokha ndi zimene zinali zitapindika.

Komabe ndisanapitirire, ndinene poyera kuti mkulu wanu uja analakwa. Ndikunena izi mosabisa mawu. Zoti chithunzi n'chovuta kuwerenga n'zoona, koma kuyankha wophunzira kuti "Izi sindiwerenga" n'kusiyira pomwepo ndi kulephera kwa iyeyo ngati mphunzitsi. Zikanamutengera mphindi imodzi kulemba kuti, "Nditumizire fayilo yake ndi error yonse ngati zilembo, chithunzi sindingathe kuchiyendetsa." Mawu ochepa amenewo akanakuphunzitsani chinthu cha moyo wanu wonse. M'malo mwake wakusiyani mukudzifunsa ngati ndinu woyenera ntchito imeneyi. Palibe munthu amene anabadwa akudziwa kutumiza code. Aliyense wa ife anauzidwa ndi winawake, ndipo amene anaiwala kuti anauzidwa ndi amene amayankha chonchi. Ndimakwiya nalo khalidwe limeneli chifukwa kuno kwathu odziwa ntchitoyi sitili ambiri. Aliyense amene tamuthamangitsa ndi yankho lonyoza ndi dzanja limene tidzalisowe mawa. Ndipo ndaona ndi maso anga kuti atsikana amalandira mayankho otere kawirikawiri kuposa anyamata, ndipo akangonyozedwa kamodzi ambiri safunsanso. Amakhala chete m'kalasi, amavutika okha usiku, kenako timamva kuti asintha kosi. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma mwambiwu timakonda kuuloza kwa wofunsa yekha. Nanga amene amachititsa kuti ana aziopa kufunsa, iyeyo tinena kuti chiyani? Bambo a ku Blantyre aja ndinawalakwira kwambiri kuposa mmene inu munalakwira mkulu wanuyo, koma anandiimbira foni ndi mayunitsi awo.

Ndibwerere ku nkhani ya mapasiwedi, chifukwa pa zonse zimene ndalemba pano iyi ndi imene ingakuchotsetseni ntchito tsiku lina. Lero mukulemba pulogalamu ya malikisi ongopeka. Mawa mudzakhala mukulumikiza sisitimu ya kampani ndi Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndipo mudzapatsidwa makiyi achinsinsi. Mudzagwira mayina a odwala, a ana asukulu enieni, a anthu angongole. Musaganize kuti amalakwitsa ndi ophunzira okha. Mu 2016, chaka chomwecho cha zip yanga, akuba a pa intaneti anatenga zambiri za anthu pafupifupi 57 miliyoni ku kampani ya Uber, okwera ndi oyendetsa omwe. Khomo limene analowera linali makiyi amene anasiyidwa mkati mwa code pa GitHub, webusayiti imene olemba mapulogalamu amasungirako code. Kampaniyo inalipira akubawo madola 100,000, ndipo nkhani inadzaululika mu Novembala 2017. Mu 2023 kampani ya Samsung inaletsa antchito ake kugwiritsa ntchito ChatGPT ndi zina zotero pa makompyuta a kuntchito, zitadziwika kuti ena anamatamo code yachinsinsi ya kampani pofuna thandizo. Ndatchula iyi chifukwa ndikudziwa kuti masiku ano ambiri mumafunsa makina musanafunse munthu. Lamulo ndi lomwelo. Chimene simungapereke kwa mlendo, musachimate m'bokosi limenelo.

Dziwaninso kuti Git, pulogalamu yosunga mbiri ya kusintha kulikonse kwa code, imene Linus Torvalds anailemba mu 2005, inapangidwa kuti isaiwale. Mukaika pasiwedi lero mu commit, kutanthauza kusintha kumene mwasunga mu Git, mawa n'kuifufuta, imatsalabe m'mbiri ya repository, nkhokwe ya code yanuyo, ndipo aliyense amene angaone mbiriyo aipeza. Kiyi ikangotuluka, kufufuta sikuthandiza. Muyenera kuipha n'kupanga ina. N'chifukwa chake zinsinsi timaziika m'fayilo yapadera ya .env, n'kuilemba mu .gitignore, mndandanda wa mafayilo oti Git iziwasiya, kuti isakwere nawo. Ndipo mukamagwiritsa ntchito Gist ya GitHub potumiza code, imene amaitcha secret si yotsekedwa ayi. Imangobisika kwa ofufuza, koma aliyense amene wapeza link yake aiwerenga. Kuno kwathu tsopano tili ndi lamulo la Data Protection Act la 2024, ndipo bungwe la MACRA ndi limene linapatsidwa udindo woliyang'anira. Mu 2016 ine ndinangosintha mapasiwedi n'kupepesa kwa abwana. Koma ngakhale lamulo likanakhala kuti kulibe, mayi wa ku Mchinji amene anapereka nambala yake ya foni kuti alandire mbewu sanavomere kuti iziyendayenda m'mafoni a anthu amene sawadziwa.

Kudula code

Ichi ndi chimene ndimafuna wophunzira aliyense atachidziwa m'chaka choyamba. Musatumize pulogalamu yonse. Pangani kope lake, kenako yambani kuchotsa chilichonse chimene sichikukhudzana ndi vutolo. Chotsani menyu. Chotsani mbali yosindikiza lipoti. Mukachotsa chinthu, yendetsaninso muone ngati error ikadalipo. Ikadalipo, pitirizani kuchotsa. Ikasowa, bwezerani chimene mwachotsacho, chifukwa vuto lili pamenepo. M'malo mwa mayina enieni ikani ongopeka awiri kapena atatu. Cholinga ndi kutsala ndi mizere 10 kapena 20 imene munthu wina angaikopere, n'kuiyendetsa pa kompyuta yake popanda fayilo ina iliyonse, n'kuona error yomweyo imene mukuona inu.

Poyamba zimaoneka ngati ntchito yowonjezera. Koma ndikuuzeni chimene chimachitika. Nthawi zambiri, mukamadula chonchi, vuto mumalipeza nokha musanatumize. Kwa ine zachitika kambirimbiri moti ndinasiya kudabwa nazo. Ndimayamba kulemba uthenga wofunsa mnzanga, ndikafika pofotokoza zimene ndayesa kale ndimaona pamene ndaphonya, uthengawo osautumizanso. Olemba mapulogalamu ena amaika kabakha kapulasitiki pa desiki n'kumakafotokozera code yawo mzere ndi mzere, ndipo zimawathandizadi, chifukwa kufotokozera wina kumakukakamiza kuti usadumphe chilichonse. Ine ndinkafotokozera mng'ono wanga amene panthawiyo anali folomu 2 ndipo sankadziwa kanthu za makompyuta. Ankangomvetsera akudya chimanga chootcha, ine n'kupeza yankho.

Kudulaku kumasonyezanso wothandizayo kuti mwavutikapo kale. Izi n'zofunika, chifukwa pali gulu lina la mauthenga limene limaononga mitima ya anthu othandiza. Munthu amatumiza pepala lonse la asayimenti n'kulemba kuti "Achimwene tandipangireni, ikufunika mawa." Awa ine ndimawakana, ndipo sindichita manyazi. Ndikakupangira ndakubera maphunziro amene makolo ako akulipira movutikira, ndipo tsiku la intavyu udzakhala wekha patsogolo pa kompyuta. Vuto lake ndi lakuti mauthenga oterewa akachuluka, wothandiza amayamba kuona wophunzira aliyense ngati wofuna kupangiridwa. Mwina mkulu wanuyo anatopa ndi zotere. Sindikumuikira kumbuyo, koma mukamutumizira mizere 15 yodulidwa bwino ndi mawu oti "ndayesa izi ndi izi," adzadziwa nthawi yomweyo kuti inu si a gulu limenelo.

Pali nkhani inanso imene imayendera mbali inayo. Munthu akakupatsani code yake kuti ikuthandizeni, kapena mukaitenga pa intaneti, siisanduka yanu. Lembani mu comment kumene mwaitenga. Code yambiri yaulere ili ndi layisensi. Ya MIT imakulolani kuchita nayo pafupifupi chilichonse bola musachotse dzina la mwini wake ndi mawu a layisensiyo. Ya GPL imafuna kuti mukagawira ena pulogalamu imene mwamangirapo, code yakenso muipereke pansi pa layisensi yomweyo. Ndipo code ya kuntchito kwanu si yanu yoti muzigawa, ngakhale munailemba ndi manja anu. Funsani abwana kaye, kapena lembani kachitsanzo katsopano kosonyeza vuto lomwelo.

Chinthu chomaliza chimene bambo aja anandiphunzitsa sanachinene ndi pakamwa. Patapita mlungu umodzi anandiimbira kundifunsa ngati zinatheka. Ine ndinali nditakonza Lolemba m'mamawa, ogwira ntchito kumidzi anayamba bwinobwino, koma sindinawauze. Munthu anataya Loweruka lake, n'kukhala mlungu wonse osadziwa ngati alimi aja analembedwa. Kuyambira tsiku limenelo, aliyense amene wandithandiza ndimabwerera kukamuuza kuti zatheka, ndi chimene chinali vuto. Wothandiza nayenso amaphunzirapo, ndipo ulendo wina mukagogoda amatsegula msanga.

Ndiye mutumize chiyani? Uthenga umodzi. Moni, kenako chimene mumafuna kuti pulogalamu ichite, chimene ikuchita m'malo mwake, error yonse yokopedwa ngati zilembo mpaka mzere womaliza, code yodulidwa yopanda zinsinsi za munthu aliyense, Python imene mukugwiritsa ntchito ndi mtundu wa kompyuta, ndi zimene mwayesa kale. Chithunzi chisungireni nthawi imene vuto ndi la maonekedwe, monga batani limene lakhala malo olakwika, ndipo pamenepo chikhale screenshot yochokera pa kompyutapo.

Alembereninso akulu aja kamodzi m'njira imeneyi, popanda kupepesa kwambiri, chifukwa simunawalakwire chachikulu. Akayankhanso monyoza, asiyeni, funani wina.

Za pulogalamu yanuyo, poti mwati imafa mukangolowetsa malikisi oyamba, ine ndikukayikira input, lamulo lolandirira zimene munthu wataipa. Mu Python 3, chilichonse chimene munthu wataipa kudzera mu input chimabwera ngati mawu, ngakhale ataipe 75. Mukachiphatikiza ndi nambala, monga total imene munaiyambitsa pa 0, Python imakana ndi TypeError. Yang'anani mzere womaliza wa error yanu. Ngati pali TypeError yotchula int (nambala) ndi str (mawu), sandutsani malikisiwo kukhala nambala ndi int kapena float musanawaphatikize. Ngati pali china, nditumizireni fayilo ya .py ndi mzere umenewo pa imelo yomweyi, ndiona Loweruka m'mawa.